Dzina la Amalume pa Fomu ya Marita

Blantyre
4 Meyi, 1981

Okondedwa achimwene a Basil,

Moni m'dzina la Ambuye wathu. Muli bwanji inu, alamu ndi ana? Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kufika ku tchalitchi? Ine kuno thupi lili bwino, koma ndiyambe ndi kuulula kuti masiku atatu tsopano tulo sitikundibwerera. Ndikangotseka maso ndikuona mkono wa Marita, mng'ono wathu, mkono wa chipsera uja.

Mukudziwa kuti chiyambire Malichi anandichotsa ku ofesi ya makadi a odwala n'kundipereka kwa madokotala obwera, amene akuchita kafukufuku wa matenda a ubongo ndi mitsempha. Ntchito yanga ndi kumasulira. Wodwala akalankhula Chichewa kapena Chiyao, ine ndimatembenuzira m'Chingerezi, kenako n'kulemba fomu. Ambiri amene tikuwaona ndi a khunyu, matenda akugwa omwe aja a Marita.

Achimwene, zimene ndaona kuno zandichititsa manyazi ndi sekondale yanga yomwe. Adokotala aakulu, mayi wachizungu wa imvi, munthu akagwa amamugwira ndi manja awo. Amamugoneka cham'mbali, kumupukuta thovu pakamwa, akatero amasamba m'manja n'kukamwa tiyi wawo. Akuti matendawa sapatsirana, kaya ndi malovu, kaya ndi mpweya, kaya ndi chikho. Ndinalimba mtima n'kuwauza kuti kwathu timati wakhunyu akangopsa ndi moto, basi, mankhwala samugwiranso.  Anangoitana mayi wina wa ku Chikwawa amene anapsa theka la msana, n'kumuuza kuti andiuze yekha. Mayiyo watha miyezi isanu ndi iwiri osagwa.

Ali ndi makina a mawaya amene amamata kumutu. Sapweteka, ndipo salowetsa magetsi m'thupi. Amangolemba mizere pa pepala, ndipo adokotala akaiyang'ana amadziwa mtundu wa khunyu ndi mankhwala oyenera.

Tsono nali tchimo langa. Ndamulembetsa Marita osakufunsani inu mwini mbumba. Malo anali ochepa ndipo ndinaopa kuti ndikadikira yankho atha. Pepani. Gululi lidzakhala pa Boma la Mangochi Lachiwiri pa 12 mwezi uno. Chonde mupite naye, mukafunse Sisita Zena, namwino wamtali wa ku Chembe. Mapiritsi ndi aulere. Fomu ndalemba kale. Ili ndi mafunso a mtundu wathu, kuti pa abale ndani winanso amagwa, pakuti akufuna kudziwa ngati matendawa amayenda m'magazi. Ndayankha monga ndikudziwira.

Kalatayi ndapatsira a Sumani a lole ya nsomba, osati positi, pa chifukwa chimene mukuchidziwa. Mundiyankhire mwa iwo omwewo. Muwauze amayi kuti Lamulungu lililonse ndimawatchula pa Misa.

Ine mlongo wanu,
Dinah

Kwa Lipinda
31 Meyi, 1981

Mlongo wanga Dinah,

Moni. Kuno tadzuka, kungoti mwera watikhazika pamtunda sabata yathunthu, mabwato ali chafufumimba. Amayi mwendo uli chimodzimodzi, koma pakamwa ali bwino kwambiri.

Ndachedwa kuyankha dala. Ndinkafuna mkwiyo uyambe waphwa.

Ku Boma tinapita, ine, amayi ndi Marita. Mawaya aja anamumata, mutu wake n'kukhala ngati ukonde wokodwa m'bango. Iye ankangoseka, amvekere, "Achimwene, mundiponye m'madzi, mwina ndigwira chambo." Amayi anafunsa Sisita wako uja kuti, "Kodi makinawa amamva zimene munthu akuganiza?" Sisita anati, "Akadakhala kuti amamva, mama, bwenzi nditawaika kale pamutu pa amuna anga." Onse m'chipindamo anaseka. Amayi sanaseke.

Anatipatsa mapiritsi makumi asanu ndi limodzi, limodzi tsiku lililonse pogona. Sindibisa chilungamo: kuyambira tsiku limenelo Marita sanagwe. Munthu amene ankagwa kawiri pa sabata. Zimenezo ndikuthokoza Mulungu.

Koma tamvera zimene zinachitika tisanatuluke. Sisita anatenga fomu yako n'kuyamba kutiwerengera kuti tivomereze. Chitseko chinali chotsekula, ndipo pa benchi panja panali akazi a tcheyamani wa nthambi ya chipani kuno, atabwera ndi mwana wa malungo. Sisita akuwerenga mokweza: "Amalume ake, Jenkins, mlongo wa mayi. Ankagwa ali mnyamata. Wamoyo."

Amayi anati, "Anamira, mama. Anamira chaka cha 1965."

Sisita anati, "Apa alemba wamoyo."

"Alakwitsa wolembayo."

Sisita anati sangakonze, chifukwa limene anali nalo ndi pepala lapansi la kaboni chabe, lenilenilo lili ku Blantyre.

Iwe Dinah, unali ndi zaka zisanu ndi zitatu, koma sunali khanda. Ukukumbukira chaka cha chipwirikiti chija, pamene anyamata a kuno analowa m'tchire, ndipo asilikali ankayenda mudzi ndi mudzi ndi mndandanda wa mayina. Dzina la amalume linalipo. Iwo atawoloka malire usiku wina, ine ndi abambo malemu tinagubuduza bwato lawo n'kulisiya kuti mafunde alibweretse okha. Tinalira maliro opanda mtembo. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi mudzi wonse wakhala ukunena mawu amodzi, ngakhale amene sitigwirizana nawo pa malire a munda. Ukudziwa chimene chimagwera nyumba imene ili ndi wothawa wamoyo. Ntchito yakoyo ingakhale yoyamba kutha.

Ndiye ndiyankhe. Analemba mawu amenewo ndani? Pepalalo amaliwerenga ndani? Ndipo ngati akufuna kuchiritsa mtsikana, dzina la amalume ake alichita chiyani? Ukuti mapiritsi ndi aulere. Nyambo nayonso nsomba imadya yaulere.

Kalata yako ndatentha. Nawenso utenthe iyi.

Ndine mlongo wako,
Basil

Blantyre
5 Juni, 1981

Okondedwa achimwene,

Moni. Ndalandira kalata yanu lero m'mawa ku msika wa ku Limbe, ndipo ndikuyankha a Sumani asanatsitse madengu onse. Nkhani ya Marita yakuti sanagwe ndaiwerenga katatu, ndikulira pakati pa anthu ogula utaka. Mumupatse moni.

Ndinalemba ndine. Palibe amene anandikakamiza, palibe amene anandinyengerera.

Pa fomupo, pambali pa dzina la m'bale aliyense, pali timabokosi tiwiri: wamoyo, womwalira. Umangochonga kamodzi. Bodza la kumira lija ndalinena kusukulu, ndalinena pofunsira ntchito, ndalinena kwa anzanga ogona nawo nyumba imodzi, ndipo nthawi iliyonse ndinkakalilapa kwa a Padiri popanda kutchula dzina. Tsiku limenelo Pasaka inali itangodutsa, ndinali nditalandira Mgonero, ndipo adokotala anali atakhala pambali panga akundiyang'ana ndi maso okhulupirira. Dzanja linapita lokha.

Ayi, ndisanamizire dzanja. Panalinso kuchenjera kwanga. Mukukumbukira kuti amalume anasiya kugwa masisitere a ku mishoni atawapatsa mapiritsi, mpaka anakwatira, mpaka ankapita okha pa nyanja. Ndinkafuna adokotala adziwe kuti m'magazi mwathu mankhwala amagwira, kuti posankha asamusiye Marita. Munthu womira sakanatithandiza, chifukwa akanati mwina anagwa ali m'bwato. Kumene amalume ali sindinalembe, ndipo sanandifunse.

Mafomu amakhala m'kabati yachitsulo, kiyi amasunga adokotala okha. Zopita kunja kwa dziko zimapita ndi manambala, osati mayina. Marita ndi nambala 147.

Koma poti ndayamba kunena zoona, ndimalize. Masabata awiri apitawo kunabwera bambo wina wa suti ya bulauni, amene pachipatala pano aliyense amamupatsa moni koma palibe amamutchula dzina. Anapempha mndandanda wa odwala a ku Mangochi, ati akuwerengera mafuta a galimoto. Adokotala anamupatsa mayina a midzi okha. Potuluka, bamboyo anandipatsa moni m'Chiyao, chonsecho sindinamuuzepo kwathu. Mwina palibe kanthu. Mwina anangomva kalankhulidwe kanga. Ndikukuuzani kuti musadzati ndinabisa.

Mundikalipire ine mmene mungafunire, ndikuyenera. Koma mapiritsi asadumphe ngakhale tsiku limodzi.

Mlongo wanu wolakwa,
Dinah

Kwa Lipinda
18 Juni, 1981

Dinah,

Moni. Tili moyo.

Lachiwiri lapitali, ife tili ku dambo kumweta udzu, galimoto yoyera yaitali inaima pa mtengo wa mango wa kutchalitchi. Munali amuna atatu ndi mkazi mmodzi amene sanatsike. Awiri anayenda nyumba ndi nyumba kufunsa kwa Marita. Alamu ako anawauza kuti mudzi uno mulibe dzina limenelo, ndipo onse amene anafunsidwa anayankha chimodzimodzi. Wachitatu sanafunse kanthu. Anangotsetserekera kudooko n'kumayang'ana mabwato limodzi limodzi, manja ali kumbuyo.

Wofuna wodwala amayang'ana mabwato?

Marita tamuchotsa. Ali pabwino, mapiritsi ake ali nawo. Usandifunse kumene ali. Chimene sukuchidziwa sungachichonge m'bokosi.

Amayi akuti ndilembe mawu awo monga akunenera, ndipo ndikulemba:

"Dinah, ndinakubala ndine. Mlongo wanga ndinamulira maliro ali moyo, ndinameta mutu, kuti inu mukule pakhomo pali bata. Iwe wamuukitsa ndi cholembera. Ukuti sunafune kunama pamaso pa mzungu. Nanga pamaso pa Mulungu ine ndinagwada ndi bodza lomwelo zaka zonsezi, ndine galu? Za Maritazo usadzinamize. Anapsa kale, ndipo wopsa sachira, azungu anene zimene anene. Masabata asanu osagwawa ndi matenda akupuma, monga mwera umapumira. Usagulitse amalume ako chifukwa cha mphepo imene yangodekha."

Atero amayi. Ine ndiwonjezere chimodzi. Mwezi uno usabwere kumudzi, ndipo usatumize munthu.

Basil

Blantyre
23 Juni, 1981

Achimwene okondedwa, ndi inu amayi,

Moni. Ndikupemphera kuti kalatayi ikupezeni muli bwino, ndipo muiwerenge mpaka kumapeto musanaitenthe.

Galimoto ija inali yathu. Mkazi amene sanatsike anali Sisita Zena yemwe uja, anabinya phazi potsika masitepe a pa Boma. Pakatha masabata asanu amayendera odwala onse m'midzi yawo, kukawayeza sikelo ndi kuwerenga mapiritsi otsala. Ndinayenera kukuuzani zimenezi, koma m'kalata yapita ija mutu wanga unali pa kudziteteza. Sisita atabwerako anandifunsa pamaso pa onse kuti, "Dinah, kodi mng'ono wako ndi mzukwa? Mudzi wonse sukumudziwa." 

Amuna awiri amene ankafunsa ndi dalaivala ndi wothandizira. Wachitatuyo ndafufuza. Dalaivala akuti ndi munthu amene anapempha matola pa mlatho, ati akukagula nsomba. Dzina lake palibe anamufunsa. Sindinganene kuti ndikumudziwa, ndipo sindinganene kuti mantha anu ndi opusa.

Koma tamverani za mapiritsi. Anamupatsa makumi asanu ndi limodzi pa 12 Meyi. Lomaliza adzamwa Lachisanu pa 10 Julayi. Ndinafunsa adokotala chimene chimachitika munthu akawasiya mwadzidzidzi, ndipo anavula magalasi asanandiyankhe. Akuti thupi likawazolowera n'kuwasowa, kugwa kumabwerera ndi ukali woposa kale. Munthu amatha kugwa, asanatsitsimuke n'kugwanso, n'kugwanso, mpaka mpweya kutha. Akuti kusiya chotero n'koopsa kuposa kusayamba n'komwe. Ndiye onani, achimwene: amene ndinamuyambitsa ndine. Chikamuchitikira chinthu, chidzakhala pamutu panga, komanso pamutu panu.

Ndinapempha kuti andipatse ena ndingotumiza. Akana. Akuti sapereka mankhwala otere kwa munthu amene mudzi wake ukuti kulibe.

Ndawafunsa a Sumani ngati akudziwa kumene ali. Anangomanga chingwe cha lole, amvekere, "Ine ndimanyamula utaka, chemwali, sindinyamula nkhani."

Amayi, sindinanene kuti ndinu galu. Mwa ife tonse amene anasenza chinthu cholemera ndinu. Koma mlongo wanu ali ndi miyendo ndipo ali kutali. Mwana wanu watsala ndi masiku khumi ndi asanu ndi awiri.

Musandiuze kumene ali ngati simundikhulupirira. Ingomulolani alembe yekha mzere umodzi woti ndikaonetse adokotala.

Dinah

Namwera
1 Julayi, 1981

Achemwali anga a Dinah,

Muli bwanji? Ine ndili bwino pang'ono. Pepani zilembo zokhota, mukudziwa kuti sukulu anandibweza ndili Sitandade 4 makolo a anzanga atadandaula.

Ndili ku Namwera kwa a Asiatu, akazi a amalume. Anabwerera kwawo kuno chaka chomwe chija. A Sumani ndi mlongo wawo, mwaiwala? Amabwera kuno Lachitatu lililonse ndi nsomba. Akuti munawafunsa ndipo anakukanirani. Lero ndawagwira malaya, ndati mukapanda kunyamula kalatayi ndikagwera dala pa madengu anu anthu akuona, muone ngati agula. Anyamula.

Achimwene sadziwa kuti ndikulemba. Makalata anu awiri oyamba ndili nawo. Amati anatentha, koma amawabisa m'Buku la Mapemphero, pa Masalimo. Ndinawatenga tsiku lonyamuka. Ndawawerenga pang'onopang'ono mpaka ndawamva.

Achemwali, inu munandilembetsa osandifunsa. Achimwene anandichotsa osandifunsa. Mukukangana pamwamba pa mutu wanga ngati ndine thumba la usipa. Ndiye lero ndinene ndekha.

Kuno palibe akudziwa za matenda anga kupatula a Asiatu. Ndimadya mbale imodzi ndi ana awo. Ndimamwera chikho chimene chili pa mtsuko, chomwe amamwera aliyense. Tsiku loyamba ndinaima n'kumafunafuna changa. Kumudzi chikho changa chija cha ulusi wofiira chakhala pa msomali wakewake zaka khumi ndi zinayi. A Asiatu anati, "Ukufuna chiyani, mwanache? Madzi ndi a Mnungu, imwa."

Ndikukazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pa msika. Ine, pamoto. A Asiatu amati, "Ukagwera m'mafutamo ndidzakugulitsa pamodzi ndi zitumbuwazo," koma amakhala pafupi. Telala wina wa pakhonde la sitolo wandifunsa dzina kawiri. Kaya ndi kazitape, kaya akufuna banja, masiku ano sizidziwika.

Tsopano za mapiritsi. Nditaona kuti akuchepa, Lachitatu lapita ndinayamba kuwadula pakati ndi lezala kuti akhalitse. Atsala khumi ndi atatu ndi theka. Koma Lamulungu fungo la palafini lija linabwera, limene limandibwerera ndikatsala pang'ono kugwa. Ndinakhala pansi. Sindinagwe, koma a Asiatu akuti ndinangoti maso tong'o, n'kumatosatosa chitenje, akundiitana osayankha. Kodi ndalakwitsa kudula?

China. Achimwene atumiza mawu kuti Loweruka pa 11 kudzabwera munthu wonditenga pa njira ya m'phiri, kundiwolotsa kupita kwa amalume. Ati kumeneko palibe galimoto yoyera ingandipeze, ndipo kuli sing'anga. A Asiatu akuti kutsidyako ndi mchere womwe ukusowa, nanji mapiritsi. Akuti Ramazani ikuyamba sabata ino ndipo alibe mphamvu yokangana ndi achimwene m'mimba muli njala, koma munthu wa zaka makumi awiri ndi chimodzi azifunsidwa.

Ine sindikufuna amalume agwidwe. Sindikufunanso chikho cha ulusi wofiira. Inu munapita kusukulu, pezani njira yoti zonse ziwiri zitheke.

Ndili ndi funso. Munalemba kuti mukatseka maso mumaona mkono wanga. Chifukwa chiyani? Ine mwiniwake sindiuyang'ana.

Ndine mng'ono wanu,
Marita

Blantyre
6 Julayi, 1981

Marita, mng'ono wanga wokondedwa,

Moni. Mulungu adalitse dzanja lako lokhotalo ndi malaya a a Sumani amene unawagwira. Uwapatse moni a Asiatu, uwauze kuti sikomo kwambiri, ndipo kusala kwawo kuwayendere bwino.

Choyamba, usanawerenge china chilichonse: leka kudula. Kuyambira tsiku limene kalatayi ikufike, uzimwa piritsi lathunthu. Adokotala akuti zimene zinakuchitikira Lamulungu lija ndi chenjezo, ndipo mpaka patapita sabata ukumwa athunthu, zitumbuwa akazinge wina. Kalata yako ndinailandira Lachisanu, lole ibwerera mawa, ndipo masiku amenewa ndakhala ndikuwerenga matheka ako ngati ndikuwameza ndine.

M'chitini cha tiyi chimene a Sumani akupatse, pansi pa masamba, muli mapiritsi makumi atatu. Adokotala avomera nditawamasulira mawu ako a lezala ndi palafini. Zinazo sindinawamasulire. Koma aika lamulo lakuti uyenera kuonedwa. Sisita Zena wadzipereka yekha. Lachinayi pa 16 adzakwera basi, yekha, wopanda yunifolomu, wopanda galimoto yoyera, n'kudzagula zitumbuwa pa msika wa Namwera. Akakupeza, mankhwala azipitirira mwezi ndi mwezi. Akapeza kuti unawoloka, nambala yako aitseka, ndipo makumi atatuwa adzakhala omaliza.

Chachiwiri, za amalume. Lero m'mawa ndinalowa mu ofesi ya adokotala n'kunena kuti, "Pa fomu 147 ndinalakwitsa. Amalume anga anamira chaka cha 1965." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Kenako anatulutsa kiyi, n'kutsekula kabati, n'kundipatsa fomuyo. Ndinafufuta, ndinachonga bokosi linalo, ndinasaina. Sanandifunse kanthu. Ndili pachitseko anangoti, "Kafukufuku wanga wataya munthu mmodzi amene anachira. Undibwezere wina." Pepala lapansi lija Sisita wayatsira mbaula.

Sindikudziwa ngati pali maso amene anaiona fomuyo masabata asanu ndi anayi amene inakhala ndi mawu oyamba aja. Bambo wa suti ya bulauni wandipatsanso moni lero. Munthu wa mabwato uja mpaka pano sindikumudziwa. Sindingakulonjeze kuti tili pabwino. Chimene ndikudziwa n'chakuti pa pepala amalume amiranso, ndipo ndawamiza ndine, maso ali poyera. Kokalapa sindinapite, chifukwa a Padiri sangamasule munthu pa tchimo limene sakulimvera chisoni. Achimwene ndi amayi ndawalembera padera kuwauza zonsezi. Akwiya, koma mwina apuma.

Chachitatu ndi funso lako. Ndalemba mzere uno kanayi pa pepala lina.

Anakuuza kuti tsiku limene unapsa unali wekha pa uvuni wa nsomba. Sunali wekha. Ndinalipo. Tinkatembenuza milamba pa waya, iwe wa zaka zisanu ndi zinayi, ine khumi ndi ziwiri. Unati, "Achemwali, palafini," kenako unagwa, mkono uli pa waya wamoto. Ndinali mapazi awiri kuchokera pamene unali. Ndikanangokukoka mwendo. Koma tinaphunzitsidwa kuti wogwa sagwiridwa, ndipo mpweya wake ukaupuma matenda akulowa. Ndinatseka mphuno ndi chitenje n'kuthamangira kudooko kukaitana amayi. Ukudziwa kutalika kwake kuchokera pa uvuni kukafika kudooko, ndi kubwerera. Madzulo ake amayi anati tizinena kuti unali wekha, kuti anthu asandiloze chala. Nkhaniyi ndaiulula kwa ansembe atatu. Kwa iwe mwini mkono, lero.

Mwina n'chifukwa chake ndinathamangira kukulembetsa osakufunsa. Ndinkafuna kukukoka pamoto uja, zaka khumi ndi ziwiri zitapita, ndipo pokoka ndinagwetsa ena.

Ndiye tsopano ndikukufunsa, poti wati uzifunsidwa. Loweruka munthu wa njira ya m'phiri akabwera, upita naye, kapena ukhala kudikira Sisita Zena? Ukasankha kukhala, ndidzakwera basi ya Loweruka m'mawa kudzaima pambali pa a Asiatu, ndipo za achimwene ndidzasenza ine. Ukasankha kuwoloka, sindikutchinga, koma undiuze kuti ndikagwade kwa adokotala, mwina andiuze mmene ungachepetsere pang'onopang'ono osadzipweteka.

Lole ifika kwanuko Lachitatu, ndipo Lachisanu pa 10 m'mawa ndidzakhala pa msika wa ku Limbe kudikira a Sumani. Za uvuni ukhoza kudzandiyankha chaka chamawa, kapena osandiyankha konse. Koma za Loweruka yankho lisadutse Lachisanu. Zilembo zikakuvuta, lemba mawu amodzi okha, "ndikhala" kapena "ndipita," ndipo pansi pake ulembe mapiritsi athunthu amene atsala.

Ine mkulu wako,
Dinah